Kwa eni ake shopu yokonza makompyuta: ndibwezereni K85,000 yanga

Ndikulemba pano poyera chifukwa foni yanu simukuyankha, ndipo ulendo wanga wachitatu wochokera ku Zomba unathera pakhomo panu ngati wopemphetsa.

Mwezi wathawu, kaya unali kumayambiriro kaya pakati, ndinabweretsa kompyuta ya malemu bambo anga, Apple IIe, pamodzi ndi ma drive (zipangizo zowerenga ndi kulemba madisiki) awiri a mtundu wa Disk II ndi bokosi la madisiki a mainchesi 5.25 momwe munali zolemba zawo. Ndinapempha kuti muiyeretse, muone ngati ikuwerenga madisiki, basi. Mnyamata wanu wa pakauntala anandiuza kuti ntchito imeneyi amaidziwa bwino, nandilipiritsa K85,000, ndipo lisiti ndili nalo.

Pobwerera ndinapeza drive imodzi ikununkha kupsa. Nditafunsa, mnyamatayo anandiseka pamaso pa makasitomala ena, akuti zinthu za makolo ngati izi kwawo n'kudzala, ndipo ndithokoze kuti anazigwirako. Zikomo kwambiri, akatswiri. Ine amene sindinaphunzire zamagetsi ndikudziwa kuti waya wa Disk II uli ndi timabowo 20, ndipo pakhadi la m'kati mwa kompyuta pomwe wayayo amalumikizidwa palibe chotchinga choletsa munthu kuulowetsa molakwika. Mukaphonya mzere umodzi wa timapini n'kuyatsa, magetsi amapita kosayenera ndipo kachipangizo kotchedwa 74LS125 kamene kali m'kati mwa drive kamapsa. Aliyense wosunga makinawa amachenjezedwa zimenezi poyamba penipeni. Choipitsitsa n'chakuti drive yopsa chotere imatha kufufuta disiki imene mwaikamo, ndipo wanuyo anavomera yekha kuti anayesamo madisiki atatu a bambo anga. Disiki imodzi imasunga 140 KB yokha, zimene kwa iye n'zoseketsa, koma m'menemo munali makalata amene sindidzawapezanso kwina.

Ndiye anafuna kundigulitsa drive ina, akuti ailumikiza pakhadi lomwelo kuti akhale atatu. Khadi la Disk II limanyamula ma drive awiri okha, ndipo malo ake olumikizira ndi awiri, olembedwa Drive 1 ndi Drive 2, oti ngakhale mwana angawerenge. Wofuna drive yachitatu amagula khadi lina n'kuliika mu slot (malo olowetsamo khadi) ina, pakuti kompyutayi ili ndi ma slot 7 kuwonjezera pa ina yapadera. Khadi langa, limene kwa zaka zonsezi linkakhala mu slot 6 monga mwa chizolowezi, ndinalipeza litasunthidwa, ndipo palibe amene wandiuza ngati analizula kompyuta ili yozima kapena yoyaka.

Abale anga amene mukuwerenga, ndiuzeni ngati ndikulakwa: munthu kulipira ndalama, kukwera minibasi katatu, n'kubwerera ndi katundu wopsa komanso chipongwe pamwamba?

Inu eni ake, ndikufuna mundibwezere K85,000 yonse, mugule 74LS125 yatsopano kuti wina wodziwa ntchito akaiike, osati mnyamata wanuyo, ndiponso mundibwezere madisiki awiri amene sanalinso m'bokosi pamene ndinkawerenga kunyumba. Likafika Lachisanu musanandiimbire, ndipita ndi lisiti, drive yopsayo ndi zithunzi zake ku bungwe loona za ufulu wa ogula, ndipo dzina la shopu yanu, limene ndalibisa lero chifukwa cha ulemu, ndidzalilemba pansi pa uthenga uno.