Lipoti la msonkhano wokambirana zoteteza sitima zakale zankhondo ndi ndege zake kwa anamondwe

A Wapampando ndi mamembala nonse, ndikuthokoza kwambiri pondituma kumsonkhano wa anthu osamalira sitima zankhondo zimene zinasandutsidwa malo osungirako mbiri, womwe unachitikira mumzinda wa Mobile ku America. Mfundo yaikulu imene ndabwera nayo ndi yakuti namondwe sagonjetsa sitima yeniyeniyo kawirikawiri, koma amasakaza zinthu zimene zili pambali pake, ndipo chimene chimawononga kwambiri ndi madzi a m'nyanja amene mphepo imawakankhira kumtunda.

Nthawi yambiri tinaithera pa nkhani ya sitima ya USS Alabama, yomwe ili pomwepo ku Mobile. Namondwe wa Katrina atafika pa 29 Ogasiti 2005, sitimayi, yomwe ndi yotalika mamita oposa 200, inapendekeka ndi madigiri pafupifupi 8 koma sinachoke pamalo pake. Nyumba yosungiramo ndege ya pafupi ndi sitimayo ndiyo inaona zakuda, chifukwa madzi anathyola makoma ake n'kuyamba kuombanitsa ndegezo. Zithunzi zimene anationetsa zinandikhudza mtima: mapiko opindika, ndege zina zitaunjikana pakona imodzi pamodzi ndi matope. Malowa anatsegulidwanso mu Januwale 2006. Ndinaonanso ndi maso anga sitima yoyenda pansi pa madzi ya USS Drum itakhazikidwa pa nsanamira za konkire pamtunda, kumene anaisamutsira mu 2001 itawonongeka ndi namondwe wa Georges mu 1998.

Chitsanzo chimene ndikuona kuti n'chofunika kwambiri kwa ife n'cha ku New York. Pa nthawi ya namondwe wa Sandy mu Okutobala 2012, chombo choyeserera maulendo a kuthambo cha Enterprise chinali pamwamba pa sitima yakale yonyamula ndege zankhondo ya Intrepid, mkati mwa chitenti chimene chinkaima chifukwa cha mpweya wopopedwa ndi makina. Madzi atamiza magetsi ndi majenereta omwe, chitenticho chinaphwa n'kugwa, ndipo nsonga ya chipsepse cha kumchira kwa chombocho inawonongeka.

Pa za kukonzekera, nthumwi zinagwirizana kuti ntchito iziyamba nyengo ya anamondwe isanafike, yomwe kunyanja ya Atlantic imayamba pa 1 Juni mpaka pa 30 Novembala. Ndege zimene zingasunthike azizilowetsa m'kati mwa sitima, zotsalazo azizimanga ndi maunyolo pa ngowe za pansi, ndipo zingwe zokocheza azizisiyira mpata woti sitima ikwere ndi madzi popanda kuduka.

Poganizira zimene namondwe wa Freddy anatichita mu Malichi 2023, ndikupempha kuti pa msonkhano wathu wotsatira tisankhe anthu atatu oti akaone pamene pali jenereta ndi mabokosi a zithunzi zakale m'nyumba yathu yosungiramo zinthu, ndipo adzatiuze ndalama zimene zingafunike kuti tizikweze pamalo osafika madzi mvula isanayambe.