Kalata yodandaula: motherboard yakufa imene munandigulitsa

Kwa a Manijala,

Bwana,

Ndalemba kalatayi chifukwa pa foni zakanika. Nambala imene ili pa lisiti yanu ndaiimba mpaka mayunitsi kundithera. Ikayankhidwa, ndimauzidwa kuti bwana atuluka, bwana ali pa msonkhano, bwana apita ku banki. Pa WhatsApp mauthenga anga mukuwerenga, timizere tabuluu tikuoneka, koma yankho ayi. Mwina pepala likupezani muli pa mpando.

Sindibwereza zimene ndinagula ndi mtengo wake. Zonsezo zili m'buku lanu la malisiti, ndipo mtsikana wa pa kauntala akundidziwa kale, amanditchula kuti "amayi a ku Zomba aja". Zimene mulibe m'bukumo ndi maulendo anayi amene ndayenda pachabe kuchoka ku Zomba kubwera ku Limbe, komanso mawu amene mnyamata wanu wokonza makompyuta anandiyankhula pamaso pa anthu. Izi ndiye ndikufuna muzimve.

Ine ntchito yanga ndi yotaipira anthu: makalata ofunsira ntchito, mapulogalamu a ukwati ndi a maliro, zolemba za ana asukulu. Zaka ziwiri ndakhala ndikugwiritsa ntchito laputopu yobwereka kwa alamu anga, ndipo iwo akachoka nayo bizinesi imaima. Kompyuta yatsopano sindingaikwanitse, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndiye ndinati ndimange yanga, chidutswa ndi chidutswa, monga mmene munthu amagulira malata limodzi limodzi nyumba asanaiyambe. Processor, ubongo wa kompyuta, ndinaipeza mu kompyuta yakufa ya mu ofesi ina, RAM, yosunga kwakanthawi zimene kompyuta ikugwira, ndinagula kwa mnzanga, casing, bokosi lake, inali yadzimbiri, ndinachita kuikwecha ndi kuipaka penti ndekha. Zinanditengera miyezi isanu ndi itatu. Chinatsala ndi motherboard, thabwa lolumikizapo zida zonsezi, ndi power supply yopereka magetsi, ndipo ndalama ya ziwirizi ndinakatenga ku banki m'khonde. Ngongole imeneyo ndikubweza ndi chiwongoladzanja mpaka lero, pa chinthu chimene sichinayakepo ngakhale kamodzi.

Musaganize kuti sindinkadziwa chimene ndikugula. Ndikudziwa kuti processor yanga, i5-3470, ndi ya 2012, ndi nkhalamba. Ndikudziwa kuti Windows 11 siivomereza, komanso kuti Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 mu Okutobala 2025. Potaipa kalata zonsezo sizindiletsa. Ndinabwera kudzagula kaunjika, ndipo ndinkadziwa kuti ndi kaunjika. Koma malaya a pa kaunjika munthu umawanyamula, kuwayang'anitsa padzuwa, kuona pamene pang'ambika, kenako n'kunenerera. Motherboard sungaione matenda ndi maso. N'chifukwa chake sindinagule kwa anyamata oyala pansi m'mbali mwa msewu, ngakhale mtengo wawo unali wotsika. Ndinalowa m'shopu yanu chifukwa mumalemba pa lisiti kuti waranti ndi masiku 30. Ndinafunsa kawiri ngati mwaiyesa, ndipo wogulitsa anati, "Amayi, zathu zonse timayesa." Nditapempha kuti aiyatse ndione, anati sikirini yoyesera wina waibwereka.

Usiku umenewo ndinaimanga pa tebulo, motherboard nditaigoneka pa katoni. Mwana wa achemwali anga anagwira tochi ya foni. Ndinayamba ndagwira chitsulo cha pa windo kuti magetsi a m'thupi asawononge kanthu, ndinalunjikitsa kachizindikiro ka pa ngodya ya processor ndi ka pa soketi, n'kuitsitsa mosakankha, n'kutseka. Thermal paste, phala lothandiza processor kuzizira, ndinadontheza pang'ono ngati njere ya mpunga. Ndinali nditaonera mavidiyo a pa YouTube mobwerezabwereza mpaka bandulo kutha, moti manja ankadziwa okha chochita. Nditadina batani, fani inazungulira kanthawi, n'kuima, n'kuyambanso, n'kuimanso. Sikirini bii. Mwana uja anandiyang'ana, ine n'kumuuza kuti akagone.

Poyamba ndinadziimba mlandu ndekha, poti kanali koyamba. Ndinachotsa RAM imodzi n'kuyesa ndi inayo, ndinasinthanitsa malo, ndinachotsa kabatire kozungulira ka CR2032 n'kudikira mphindi zingapo. Osasintha. M'mawa ndinanyamula zonse kupita nazo kwa bambo wina wokonza makompyuta pa khonde la shopu m'tauni mwathu muno. Munthu ameneyo alibe chikwangwani ngati chanu, koma anakhala nane ola lathunthu. Processor yanga anaiika pa motherboard yake, inayaka. RAM yanga inayakanso. Power supply ya kwa inu nayonso ndi yabwino, zimenezo sindikubisa, ndipo ndilibe nayo dandaulo. Anaganizanso kuti mwina BIOS, pulogalamu ya pa motherboard yoyatsa kompyuta, ndi yakale, poti ma motherboard ena a mtundu wa H61 salandira processor ya m'badwo wachitatu ngati yangayi mpaka BIOS itasinthidwa, ndiye anaikapo i3-2100 yake ya m'badwo wachiwiri. Fani inachita zomwe zija. Anandiuza kuti, "Chemwali, iyi ndi yakufa, ibwezeni msanga waranti isanathe." Sanandilipiritse.

Ulendo woyamba ndinafika pa shopu yanu tsiku lachitatu chigulireni. Ndinauzidwa kuti wokonza sanabwere, ndibwere Lachinayi. Ndinapempha kusiya motherboard, anakana, ati palibe woilandira. Mwina kwa inu "bwerani Lachinayi" ndi mawu opepuka. Kwa ine ndi kudzuka mbandakucha, kudikira minibasi idzaze, kupanikizana anayi anayi pa mpando, kuima pa Thondwe, pa Namadzi, pa Njuli, chikwama chili pamiyendo ndikuchiteteza kuti wina asachitsamire. Ndi tsiku lathunthu ndisanataipe tsamba ngakhale limodzi.

Lachinayi ndinabweranso, ndipo tsiku limeneli ndi limene landilembetsa kalatayi.

Mnyamata wanu ndinamupeza, ali ndi kachingwe komvera nyimbo kukhutu limodzi. Ndinamupatsa moni, sanayankhe. Ndinatulutsa motherboard, processor ndi fani zili pomwepo monga mmene ndinaziyesera komaliza. Anaitembenuza kamodzi, n'kuiponya pa kauntala, n'kunena kuti, "Mwapinda mapini. Zimenezi sitibweza."

Bwana, inu ndi amene mumagulitsa zinthu zimenezi, ndiye mukudziwa kuti pa LGA 1155, mtundu wa soketi ya motherboard imeneyi, mapini amakhala mu soketi, pansi pa processor. Munthu sangawaone asanachotse fani ndi processor yomwe. Ndinamufunsa mwaulemu kuti wawaona bwanji. Ndinamupempha kuti atsegule tione tonse, komanso ndinamuonetsa chithunzi cha soketi chimene ndinajambula ndisanaikepo kalikonse. Chithunzicho sanachiyang'ane n'komwe. Anachotsa kachingwe kaja kukhutu, n'kukweza mawu kuti onse amve:

"Mayi, kompyuta si mbaula. Amuna anu ali kuti? Abwere iwowo ndi amene tiyankhule nawo."

Munali makasitomala atatu. Mmodzi anaseka, awiri anayang'ana pansi. Nditamuuza kuti kompyutayo ndamanga ndine ndipo ndalama ndinalipira ndine, anasiya zoti "inu" n'kuyamba "iwe". Anati, "Iwe ngati ukudziwa zambiri bwanji osakonza wekha? Anthu a pa YouTube mumavuta." Mnyamata ameneyu msinkhu wake ndi wa mlongo wanga wamng'ono, yemwe ndinamubereka kumsana. Tsiku logula palibe anandifunsa za mwamuna. Ndalama yanga munailandira popanda kufunsa ngati ndili pabanja. Kodi mwamuna amafunika pokhapokha pobweza katundu wakufa?

Ndinaumirira mpaka anatsegula, mokwiya, fani n'kuizula ngati akuzula chinangwa. Mapini onse anali chilili. Sanapepese. Anangoti, "Isiyeni, tiona," n'kubwezera kachingwe kukhutu. Mtsikana wa pa kauntala ndi amene anandilembera pa kapepala kuti mwailandira, n'kundinong'oneza kuti pepani. Iyeyo musamudzudzule, ndi yekhayo pa shopu yanu amene wandiyankhula ngati munthu. Ndinalira mu minibasi, osati chifukwa cha motherboard.

Patadutsa masabata awiri ndikuimba foni, ndinauzidwa kuti mwandipezera ina, ndibwere ndidzatenge. Ndinafunsa pa foni pomwepo ngati ili ya soketi yomweyo. Anati eya. Ulendo wachitatu umenewo. Chimene anandiikira pa kauntala ndi motherboard yochotsedwa mu kompyuta ya Dell ya mu ofesi, pa soketi patalembedwa LGA 1150. Nditanena kuti processor yanga singalowe, mnyamata wanu yemwe uja, katswiri amene amaona mapini kudzera m'chitsulo, anati 1155 ndi 1150 zimangosiyana ndi mapini asanu, ndikaikankha ilowa. Munthu amene anandinamizira kuti ndapinda mapini ndi amene akundilangiza kuti ndikankhe processor mu soketi yosakhala yake! Ndikanamvera, lero bwenzi mukunena zoona kuti ndawononga. Timipata ta m'mbali mwa processor sitigwirizana, ndipo 1150 ndi ya m'badwo wachinayi. Kuwonjezera apo, polowera magetsi pa motherboard imeneyo pali mapini 8 a mtundu wa Dell, pomwe power supply imene inu nomwe munandigulitsa ili ndi pulagi ya mapini 24. Ndinamuonetsa zonsezi. Yankho lake linali loti ndigulenso processor ina ndi chingwe chosinthira, ndipo zonse zilipo m'shopu momwemo pa mtengo wabwino. Ndiye kuti mankhwala a katundu wakufa amene munandigulitsa ndi oti ndigulenso katundu wina kwa inu. Ndinakana, ndinapempha ndalama yanga. Anati ndalama amabweza ndi bwana, ndipo bwana, monga mwa nthawi zonse, anali atatuluka.

Ulendo wachinayi ndinabwera dala m'mawa kuti ndikupezeni. Ndinakhala pa benchi ya panja kuyambira 9 koloko mpaka dzuwa kupendeka, chakudya changa chinali chimanga chootcha. Galimoto imene anthu oyandikana nanu anandiuza kuti ndi yanu inaima pomwepo nthawi yonseyo. Mwina munali mkati, mwina ayi, inu ndi amene mukudziwa. Pomaliza anatuluka bambo wina amene sindinamuonepo, n'kuyang'ana lisiti yanga, n'kuwerenga masiku ndi chala, n'kunena kuti masiku 30 adutsa, waranti yatha, palibe chimene angachite.

Masiku amenewo athera kuti? Motherboard inagona kwanga masiku osakwana sabata imodzi. Ena onsewo yakhala m'shopu yanu, ndipo ikadali komweko. Ndinaibweretsa tsiku lachitatu, inu n'kukana kuilandira. Kapepala koti mwailandira ndili nako, kali ndi deti ndi chidindo chanu. Ndiye lero ndalama ili kwa inu, motherboard ili kwa inu, ine ndatsala ndi lisiti ndi ngongole. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndadekha masabata asanu ndi awiri, bwana, nkhono yanuyi ilibe maso.

Motherboard ina sindikuifunanso kuchokera kwa inu, ngakhale mutaiyatsa pamaso panga. Ndikufuna ndalama yonse imene ndinalipira pa motherboard ija, pamodzi ndi ya thiransipoti ya maulendo atatu omaliza. Woyamba ndaukhululukira, munthu amadwala, amajomba ku ntchito. Mutumize pa Airtel Money kapena pa Mpamba, pa nambala yomwe ija mwakhala mukuiona ikuimba. Musandiuze kuti ndibwere ndidzatenge, ku Limbe sindibweranso chifukwa cha inu. Za mnyamata wanu, sindikupempha kuti mumuchotse ntchito, naye ali ndi pakamwa podyetsa. Ndikufuna andiimbire yekha apepese, ndipo mumuuze kuti mayi wolowa m'shopu ndi motherboard m'manja safunsidwa za mwamuna wake.

Ndikupatsani masiku 7 kuchokera tsiku limene mulandire kalatayi. Akadutsa, ndikatula nkhaniyi ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission komanso ku Consumers Association of Malawi, pamodzi ndi lisiti, kapepala ka chidindo kaja, chithunzi cha soketi ndi mauthenga onse a pa WhatsApp amene munawerenga osayankha. Bambo wokonza makompyuta uja wavomera kulemba zimene anapeza. Dzina la shopu yanu sindinalitchulebe pa Facebook, ngakhale anzanga otaipa ndi ophunzira amene amabwera kwa ine akhala akundifunsa kumene ndinagula zida, poti enanso akufuna kumanga zawo. Mpaka pano ndimangowayankha kuti adikire kaye.

Casing ija ili pa tebulo, ndaiphimba ndi chitenje kuti isalowe fumbi. Amayi anga ayamba kuikapo fulasiki ya tiyi. Lachisanu likubwerali ndi tsiku lobweza ku banki m'khonde.

Ine kasitomala wanu wa ku Zomba,
amene nambala yake muli nayo.