Ngwazi za m'mafilimu zasintha, koma ana athu akuonera okha

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa dandaulo limene makolo ambiri ali nalo, lakuti mafilimu a masiku ano amatamanda zigawenga pomwe akale ankaphunzitsa khalidwe. Dandaulolo ndi lomveka, koma likusiya mbali ina ya mbiri imene tiyenera kuidziwa tisanayambe kulakalaka zakale.

Mafilimu akale a ku Hollywood ankaoneka aulemu chifukwa anali omangidwa ndi malamulo otchedwa Hays Code, amene adalembedwa m'chaka cha 1930 ndipo adayamba kutsatidwa mokhwima mu 1934. Malamulowo ankati wochita zoipa asapindule ndi zoipa zakezo, ndipo woonera asakopeke kukhala mbali ya wolakwa. N'chifukwa chake ngwazi ya nthawi imeneyo inkakhala yopanda banga ndipo chigawenga chinkafa kapena kumangidwa filimu isanathe. Komatu malamulo omwewo ankaletsanso kuonetsa chikondi pakati pa mzungu ndi munthu wakuda, ndipo m'mafilimu ambiri a anyamata okwera akavalo, eni nthaka a ku America amene ankalandidwa dziko lawo ndiwo ankaoneka ngati adani oyenera kuomberedwa. Ine sindingalitche khalidwe labwino limeneli, chifukwa linkaphunzitsa mwana kuombera m'manja wolanda ndi kunyoza wolandidwa.

Malamulo aja adathetsedwa mu 1968, ndipo m'malo mwake mudabwera dongosolo logawa mafilimu potengera msinkhu wa oonera. Inali nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam, pamene Aamerika ambiri adasiya kukhulupirira kuti aliyense wovala yunifomu ndi wolungama, choncho opanga mafilimu adayamba kuika patsogolo anthu okhala ndi zabwino ndi zoipa zomwe. Filimu ya The Godfather ya mu 1972 imatsata mnyamata wobwera kuchokera ku usilikali, amene poyamba sankafuna kulowa m'zauchigawenga za bambo ake, koma pang'onopang'ono akusanduka wankhanza kuposa iwo. M'gawo lachiwiri la mu 1974 akulamula kuti mchimwene wake aphedwe, ndipo akutsala yekhayekha ndi chuma chake, mkazi atamuchokera. Palibe wapolisi amene akumugwira, komabe woonera wamkulu amatuluka akudziwa bwino chimene munthuyo wataya. Kwa ine filimu yotere ili ndi mwambo woposa wa zija zakale, chifukwa imaonetsa momwe munthu wabwinobwino amawolera m'kati.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mtundu wina umene udachuluka kuyambira m'zaka za m'ma 1980, wa mwamuna mmodzi wonyamula mfuti amene amapha anthu osawerengeka, osamva chisoni, osafunsidwa mlandu, kenaka n'kuchoka akumwetulira. Akufawo alibe maina, alibe amayi owalira, ndipo palibe maliro amene amaonetsedwa.

Mafilimu amenewa ndiwo amakonda kuonetsedwa m'tinyumba ta vidiyo m'misika ndi m'matauni mwathu, ambiri atawamasulira m'Chichewa ndi nthabwala zoti imfa ya munthu izisekedwa. Kumene adapangidwa adalembapo msinkhu woyenera kuonera, koma pakhomo pa kanyumba ka vidiyo chimene amafunsa ndi ndalama yolowera basi, ndipo mwana wa sitandade 3 amakhala pabenchi limodzi ndi abambo a ndevu.

Sindikupempha kuti boma liyambirenso kudula mafilimu monga linkachitira m'nthawi ya chipani chimodzi, pansi pa lamulo la mu 1968 loona za zisangalalo. Ndikupempha bungwe loona za mafilimu pamodzi ndi makhonsolo amene amapereka ziphaso za malonda kuti akakamize eni tinyumbati kulemba pakhomo msinkhu woyenera pa filimu iliyonse, kusalowetsa ana nthawi ya sukulu, ndi kulandidwa chiphaso akapezeka akuonetsa ana zimene adapangira akuluakulu.

Ine wanu,
Kholo lokhudzidwa,
Zomba