Kalata yochokera ku Dedza: za mabatani a mausi

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Johannesburg kumeneko, pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tilipo, kungoti June wa ku Dedza mukumudziwa, m'mawa zala zimachita kuuma pa kiyibodi.

Ndondomeko ya mabatani a kapulogalamu kathu kolembera ija ndailandira ndipo ndaiwerenga mofatsa. Zambiri tikugwirizana. Koma pa zoti batani lapakati la mausi lizidula mawu, ndi pa ntchito zimene mwaika pa makiyi a Ctrl+Alt, ndikukana, ndipo ndati mumve zifukwa zanga musanayambe kulemba code.

Komwe mwatenga maganizowa ndikukudziwa. Ndi Acme ija, pulogalamu yolembera ya Rob Pike, ya mu Plan 9, dongosolo loyendetsera kompyuta la ku Bell Labs. Batani lakumanzere limasankha mawu, lapakati limatenga mawuwo ngati lamulo n'kulichita, lakumanja limafufuza kapena kutsegula fayilo. Ukagwira lakumanzere n'kudinanso lapakati, mawu adulidwa. Ukagwira lakumanzere n'kudina lakumanja, amatidwa. Ndi nzeru yabwino kwambiri, nanenso imandisangalatsa. Mabatani atatu si chinthu chachilendo ayi, mausi imene Douglas Engelbart anaonetsa ku San Francisco mu 1968 inali nawo atatu. Koma Acme anapangira munthu amene ali ndi mabatani atatu enieni pansi pa zala zake, ndipo amatandala mu pulogalamu imeneyo tsiku lonse.

Tsono taganizani anthu amene tikuwapangira ife. Ndi aphunzitsi olemba mayeso a kumapeto kwa teremu, alembi a mpingo, ndi mtsikana wa pa siteshonare pa boma pano amene akutayipa pulogalamu ya maliro anamfedwa ataima pakhomo kudikira. Ambiri ali pa malaputopu akale ogula kwa ena, ndipo amagwiritsa touchpad. Batani lapakati palibe. Amene ali ndi mausi, ndi zotchipa zija zimene batani lapakati ndi kagudumu komwe: kolimba, ndipo ukakadina kamagudubuzika, tsamba n'kusuntha. Kuika kudula mawu pamenepo ndiye kuti tsiku lina ndime yonse ya mayeso idzasowa mwini wake osadziwa chimene wakhudza. Pa Linux vutoli lilipo kale, chifukwa batani lapakati limamata mawu amene unasankha komaliza, ndipo munthu wosazidziwa amangoona mawu achilendo atalowa pakati pa chiganizo.

Pempho langa ndi ili: pasakhale ntchito iliyonse imene ikupezeka pa batani lapakati pokha, ndipo mausi payokha isamafufute kanthu. Okonda za Acme ngati inu tiwapatse mwayi woziyatsa okha mu fayilo ya makonzedwe, koma pulogalamu ikamatsegulidwa koyamba zikhale zozimitsa. Chimodzimodzi kukoka mawu osankhidwa kupita nawo pena. Pa touchpad chala chimaterereka, mawu n'kusamuka munthu asakufuna.

Za Shift, Ctrl ndi Alt, ndikufuna kiyi iliyonse ikhale ndi tanthauzo limodzi ponseponse, monga mmene mabuleki a njinga amakhalira pamalo omwewo ngakhale wabwereka ya mnzako. Shift ndi yotalikitsa: wadina poyambira, wagwira Shift, wadina pothera, zonse zapakati zasankhidwa. Aliyense amene anaphunzira Word manja ake akuzidziwa kale, tisazisinthe. Ctrl ikhale yowonjezera, kusankha pena osataya poyamba paja, monga timachitira posankha mafayilo angapo mu foda. Pulogalamu yolembera code ya Sublime Text imatero, Ctrl ndi kudina kumawonjezera cursor ina, kamzere koonetsa polemba kaja.

Inu mwatsata pulogalamu ina yolembera code, VS Code, imene inaika cursor yowonjezera pa Alt. Komatu kumbukirani kuti iwo omwe anaikamo editor.multiCursorModifier yosinthira zimenezi, popeza pa Linux ina Alt ndi kudina zimalandidwa pulogalamu isanazione. Makompyuta okalamba amene timawatsitsimutsa kuno timawaika Xfce, pulogalamu yoyendetsa mawindo pa Linux, chifukwa ndi yopepuka, ndipo mu Xfce ukagwira Alt n'kukoka, chimasuntha ndi windo yonse. Pa Windows nayonso Alt ukaidina yokha imadzutsa menyu ya pamwamba. Alt ndi ya eni ake, ife tiisiye. Za Mac sinditaya nthawi, kuno ndi ochepa. Mungokumbuka kuti kumeneko Ctrl ndi kudina kumatsegula menyu, mwambo wotsalira ku mausi ya batani limodzi imene Macintosh inayamba nayo mu 1984, choncho ntchito ya Ctrl ipite pa Command.

Tsopano nkhani imene yandikhudza kwambiri. Mwaika mitu ya nkhani pa Ctrl+Alt+1 mpaka 6, monga mu Google Docs. Achimwene, pa Windows kiyi ya AltGr, Alt ya kudzanja lamanja yolembera zilembo zapadera, imaoneka kwa pulogalamu ngati Ctrl ndi Alt pamodzi. Njira yosavuta yolembera ŵ imene ndimaphunzitsa anthu kuno ndi kusankha kiyibodi ya United Kingdom Extended: AltGr ndi 6, kenako w. Anaipangira anthu a ku Wales, amene nawonso ali ndi chilembo chimenechi, koma ife tapezerapo mwayi. Ndi ndondomeko yanuyi, munthu wofuna kulemba Malaŵi adzangoona mzere wake wasanduka mutu wankhani. Pulogalamu yolembera Chichewa n'kumalanda chilembo cha Chichewa! Ndikudziwa kuti ambiri masiku ano amangolemba w wamba, koma alipo amene amachisunga, makamaka pokopera zolembedwa zakale, ndipo sitingawatsekere njira. Ctrl+Alt yonse tiichotse.

Palinso china chimene simunachitchule n'komwe, kudina kawiri. Tonse timayembekeza kuti kusankhe liwu lathunthu. Nanga liwu limathera pati? Mapulogalamu ambiri, makamaka olembera code, akafika pa apostrophe amaima. Ukadina kawiri pa ng'ombe umapeza wasankha ombe yekha, pa m'nyumba wasankha nyumba, pa pang'ono watenga theka. Tsamba limodzi la Chichewa lili ndi tizizindikiro timeneti tambirimbiri, ndiye wokonza zolemba amangokhalira kubwereza. Kwathu apostrophe ikakhala pakati pa zilembo ziwiri iwerengedwe ngati mbali ya liwu, kaya ndi yowongoka ija ya pa kiyibodi kaya yopindika imene Word imaika yokha, chifukwa anthu adzamata zochokera konsekonse. Ctrl ndi muvi, polumpha liwu ndi liwu, itsatenso lamulo lomweli. Mukangokonza ichi chokha, anthu adzaona kusiyana tsiku loyamba.

Zotsalazo ndi zazifupi. Batani lakumanja likhale la menyu basi, mawu ake a Chichewa: Dula, Kopera, Mata. Pa mausi tisaphatikize makiyi awiri, chifukwa kugwira Ctrl ndi Shift uku ukukoka pa touchpad kumafuna manja atatu, ndipo alipo amene amalemba ndi dzanja limodzi modalira Sticky Keys, njira yodina makiyi otere imodzi ndi imodzi m'malo mowagwira pamodzi. Chilichonse chimene mausi yachita, Ctrl+Z imodzi ichibweze chonse.

Ngati mukuona kuti pa Alt ndaumitsa kwambiri, ndiuzeni, tikambirana. Pa AltGr ndi pa apostrophe pokha sindisuntha. Mukakonza munditumizire, ndikaiike pa laputopu ya ku siteshonare ndi ya aphunzitsi angapo, ndikhale pambali osawauza kanthu, ndione pamene dzanja lawo likukayika. Ndidzakulemberani zimene ndaona.

Mupereke moni kwa alamu. Amayi anu ndinakumana nawo ku msika, ali bwino, akuti muziimba foni.

Ndine mnzanu wa ku Dedza.