Lipoti la msonkhano wa ndalama zoyendetsera misewu ndi njanji

A Wapampando ndi mamembala nonse, ndabwerako kumene munandituma, ndipo zikomo pondikhulupirira. Nkhani zinali zambirimbiri, koma yomwe yandikhala pamtima ndi yakuti ndalama zomangira msewu zimachokera ku boma lalikulu, pamene zousamalira zimasiyidwa kwa makhonsolo, omwe thumba lawo ndi lopyapyala.

Tinakhalitsa pa chitsanzo cha ku America. Mu 1956 boma lalikulu linatsegula thumba la Highway Trust Fund, lomwe limadalira msonkho wa mafuta a galimoto. Pomanga misewu ikuluikulu ya Interstate, ilo linkalipira 90 peresenti, maboma a zigawo n'kusonkha 10 peresenti yotsalayo. Koma msonkhowo unaima pa masenti 18.4 pa galoni ya petulo kuchokera mu 1993, chonsecho phula, simenti ndi malipiro zikungokwera. Kuyambira mu 2008 akhala akutapa ndalama m'thumba lalikulu la boma kuti la misewu lisaume. Chinandidabwitsa n'chakuti misewu yambiri ya dzikolo si ya boma lalikulu ayi, ndi ya makhonsolo, amene amadalira kwambiri msonkho wa nyumba ndi malo.

Ndinene maganizo anga apa. Kudula riboni pa mlatho watsopano aliyense amakufuna, koma ndani amajambulitsa akufukula ngalande? Pamenetu madzi akangolowa pansi pa phula, msewu umene ukanangofuna kumatidwa umafunika kumangidwanso wonse.

Ena anapeza njira zina. Ku France, kampani yolemba ntchito anthu 11 kapena kuposa imalipira msonkho wopita ku bungwe loyendetsa mabasi ndi masitima a mumzindamo, poti antchito akewo ndiwo amakwera. Ku Germany malole akuluakulu akhala akulipira mu misewu ikuluikulu kuyambira mu 2005, chifukwa ndiwo amagumula phula. London inayamba kulipiritsa galimoto zolowa pakati pa mzinda mu 2003. Ku Hong Kong kampani ya masitima ya MTR imapeza phindu pomanga nyumba ndi mashopu pamwamba pa masiteshoni ake, koma zimenezi zimatheka kumene malo ndi okwera mtengo basi.

Za galimoto zamagetsi tinangozidutsa poti nthawi inatha. Izi sizigula petulo, choncho msonkho wa mafuta siziulipira. New Zealand inayamba kuzilipiritsa potengera makilomita mu 2024.

Pempho langa ndi lakuti tisanavomere thandizo la msewu watsopano, tiziyamba tawerengera ndalama zousamalira chaka ndi chaka, n'kugwirizana molemba kuti adzalipire ndani. Ndikupempha a mlembi aike nkhaniyi pa ndondomeko ya msonkhano wathu wotsatira.