Maphunziro a kabaza azichitikira pabwalo, osati m'kalasi mokha

A Mkonzi,

Tiloleni tiikepo mlomo pa nkhani ya maphunziro owonjezera a oyendetsa njinga zamoto, makamaka anyamata athu a kabaza. Ambiri amafunsa kuti munthu amene wayendetsa Lifo kapena Boxer zaka zitatu angaphunzirenso chiyani, poti tsiku limene ali kusukuluko bwana akudikira ndalama yake madzulo. Ife amene timaphunzitsa ntchitoyi tikuti maphunzirowa ndi aphindu, koma pokhapokha munthu akamaphunzira atakwera njinga.

Tiyambe ndi mabuleki, chifukwa ndi pamene pagona vuto lalikulu. Pasiteji paliponse mudzamva zoti buleki yakutsogolo imagwetsa. Ena amafika pomasula waya wake dala, chogwirira chija n'kumangolendewera. Chonsecho njinga ikamaima, kulemera konse kumathamangira kutayala lakutsogolo, ndipo pa phula louma buleki imeneyi ndi imene imagwira pafupifupi magawo 7 mwa 10 a ntchito yoimitsa. Woponda yakumbuyo yokha, tayala limangokhukhuluzika, njinga n'kupita cham'mbali. Chimene chimagwetsa ndi kufinya buleki yakutsogolo mwamphamvu mwadzidzidzi. Njira yake ndi iyi: siyani kukoka moto, gwirani buleki yakutsogolo pang'ono kuti njinga iwerame, kenaka finyani mowonjezera ngati mukufinya ndimu, kwinaku phazi likuponda yakumbuyo mopepuka, kilachi mwakoka, maso ali kutsogolo osati pansi. Izi sizilowa m'mutu pomva. Dzanja limazolowera mukabwereza kambirimbiri pabwalo, kuyambira liwiro la makilomita 20 pa ola, kenaka 30, mpaka 50, mphunzitsi akuyeza pamene mwaimira.

Zoti kuthamanga si kufika aliyense amazidziwa. Zimene ambiri sadziwa ndi masamu ake. Pa liwiro la 60, njinga imadutsa pafupifupi mamita 17 pa sekondi imodzi, ndipo sekondi imeneyo ndi imene imatha musanagwire n'komwe buleki mwana akatulukira kuseri kwa minibasi. Komanso mukachoka pa 30 kufika pa 60, mtunda umene mabuleki amafuna sumawirikiza kawiri ayi, umawirikiza kanayi.

Chachiwiri ndi kuzinda. Njinga ikapitirira liwiro la munthu wothamanga, siikhota potembenuza handulo monga timachitira poikankha. Mukafuna kupita kumanja, mumakankha pang'ono handulo yakumanja kupita kutsogolo, njinga n'kupendekera komweko. Aliyense amachita zimenezi osazindikira, koma amene waziphunzira amatha kuzichita mwadala, msangamsanga, galu kapena dzenje likamutulukira. Njinga imalondolanso maso. Mukayang'anitsitsa dzenje mulowamo ndithu, choncho yang'anani mpata wodutsira. Pakona chepetsani liwiro ndi kutsitsa giya musanalowe. Buleki yakutsogolo njinga itapendekeka, makamaka pa mchenga umene umaunjikana m'mphepete mwa phula, imachotsa tayala pansi nthawi yomweyo. Chimodzimodzinso mvula yoyamba, imene imayandamitsa oyilo ndi dizilo wodontha m'chilimwe chonse.

Za katundu sitichulukitsa. Anthu awiri kumbuyo, kapena matumba a chimanga omangidwa kupitirira tayala lakumbuyo, amapeputsa kutsogolo, handulo n'kumagwedezeka, buleki yakutsogolo n'kuchepa mphamvu. Mphunzitsi wabwino amakuonetsani kuti ndi pasenjala mpweya wa tayala lakumbuyo umafunika kuwonjezera monga bukhu la njingayo linenera, kuti tcheni chizisewera mamilimita 20 mpaka 30, ndiponso kuti lamba wa chipewa amangidwe mongolola zala ziwiri pansi pa chibwano. Chipewa chosamanga chimavuka mutu usanafike pansi.

Palinso za thiraki. Ngati simukuona galasi la dalaivala, iyenso sakukuonani. Thiraki ikamakhotera kumanzere imayamba yatakasukira kumanja, ndipo kampata kamene kamatseguka kumanzereko ndi msampha, chifukwa matayala a ngolo amadula kona. Zimatipweteka mtima kuona anyamata akulowa m'kampata kameneka tsiku ndi tsiku m'maraundabauti a ku Lilongwe ndi Blantyre, pasenjala ali kumbuyo.

Tsono sikuti maphunziro alionse ndi oyenera kulipira. Alipo ongosonkhanitsa anthu m'holo, kuwawerengera zikwangwani za pamsewu, n'kuwapatsa satifiketi. Malamulo ndi ofunika, ndipo laisensi ya A1 kapena A yochokera ku Road Traffic siilowedwa m'malo ndi pepala lina lililonse, koma m'holo munthu saphunziramo kuima. Musanapereke ndalama funsani ngati pali bwalo ndi makoni, ngati nthawi yambiri muitha muli panjinga, ngati mphunzitsi mmodzi ali ndi anthu ochepa oti angathe kuona dzanja la aliyense, komanso ngati iye mwini amakwera n'kuonetsa. Funsaninso ngati muphunzira kuima mutanyamula munthu, poti ntchito yanu ndi imeneyo.

Pempho lathu lipite kwa eni njinga ndi atsogoleri a masiteji. Mnyamata akapita kukaphunzira, musamuwerengere ndalama ya tsikulo. Gwirizanani pasiteji, pezani bwalo la mpira Loweruka m'mawa, itanani mphunzitsi, muzipita m'magulu a anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, ena akugwira ntchito.

Alangizi a kayendetsedwe ka njinga zamoto,
Lilongwe