Chenjerani ndi dayamondi wa m'mwala wotsatsidwa m'misewu

Akonzi,

Ndipatseniko danga ndichenjeze abale athu amene amabwera kuno ku Harare kudzera pa Nyamapanda, n'kukumana ndi anyamata onong'ona kuti ali ndi dayamondi amene akadali m'mwala wake. Ine kutolera miyala ndimakonda. Pashelefu panga pali aquamarine wa ku Mzimba ndi aegirine wakuda bii wa ku Malosa, koma dayamondi palibe.

Dayamondi amapangika pansi penipeni, makilomita 150 kapena kuposa, ndipo amakwera ndi chiphalaphala chimene chikazizira chimasanduka mwala wotchedwa kimberlite. Ndi umene amakumba kumgodi wa Murowa, kufupi ndi Zvishavane. Kumeneko saunyengerera ayi, makina amauphwanya matani ndi matani kuti apeze timiyala tochepa. Kuti dayamondi atuluke ali khale m'mwala mwake ndi mwayi wa nzama, n'chifukwa chake otolera miyala amamulimbirana.

Ndiye mnyamata wa pa Mbare akutulutsireni atatu m'thumba la jekete, pamtengo wa thumba la ufa? Amachita kuboola kadzenje pamwala, kuikamo kagalasi kapena kadayamondi kachabechabe, n'kumata ndi guluu wosakaniza ndi fumbi la mwala womwewo. Mukayang'ana m'mphepete ndi galasi lokulitsa zinthu, guluuyo amanyezimira. Mukadontheza mankhwala ochotsera penti wa m'zikhadabo, kawirikawiri kamwalako kamagwedera. Akanena kuti ndi wa ku Chiadzwa, m'dera la Marange, koma mwalawo ndi kimberlite, wadzigwira yekha, chifukwa dayamondi wa ku Marange, amene anatchuka mu 2006, amapezeka m'nsangalabwi ndi m'mwala wa timiyala tomatana, ndipo wambiri ndi woderako, wosawala n'komwe.

Tsono ngakhale atakhala weniweni, ndiye mwagula mlandu. Lamulo la Precious Stones Trade Act limaletsa kusunga dayamondi wosasema popanda chiphaso, ndipo anthu amapita nazo kundende. Kumutulutsa m'dziko kumafuna satifiketi ya Kimberley Process, dongosolo la mayiko loyang'anira malonda a dayamondi wosasema limene linayamba mu 2003. Wapolisi wa pachipata sangamve zoti munkangofuna chokongoletsa pabalaza.

Kwa eni migodi, pempho langa n'lakuti makina asanameze zonse, muzipatulako miyala ingapo yotere n'kupereka kumalo osungirako zinthu zachilengedwe ku Bulawayo ndi kumayunivesite. Adzukulu anga anabadwira m'dziko la dayamondi, koma amangomuonera pa foni.

Wokonda miyala,
Mufakose, Harare